Zodinda zikusupuka, zikunanda, zikung'aluka: mavuto a kudinda mapatapata ndi nsapato za kanvasi kuno ku Salima

Sabata siitha ndisanalandire chithunzi pa WhatsApp kuchokera kwa mmisiri mnzanga, kaya wa ku Senga Bay, wa pa Kamuzu Road, nthawi zina wa ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa, chosonyeza peyala ya mapatapata imene maluwa ake asupuka ngati khungu la munthu wopsa ndi phala. Funso limakhala lomwelo: "Achimwene, inki imeneyi si yabodza?" Nthawi zambiri inki imakhala ilibe mlandu. Ambirife ntchitoyi tinaiphunzira pa matisheti, ndipo tisheti ndi yachifundo, thonje limamwa inki n'kuisunga mkati mwa ulusi. Chopondera cha patapata sichimwa kanthu. Inki imangokhala pamwamba, ndipo ikapanda pogwira imachoka ndi thukuta la tsiku loyamba. Ndatopa ndi kuyankha mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ndalemba zonse pamodzi, motsatira chimene mukuona ndi maso. Pa vuto lililonse ndayamba ndi chimene chimalakwika kawirikawiri, chosowasowa ndachiika kumapeto.

## Choyamba dziwani chimene mwagwira m'manja

Mawu akuti "pulasitiki" atilowetsa m'mavuto ambiri, chifukwa pa nsapato imodzi pamakhala zinthu ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi inki yake.

- EVA. Ndi thovu lopepuka lija limene amapangira zopondera zambiri. Limayandama pa madzi, mukalidina ndi chala limalowa. Limadana ndi moto ndipo inki wamba siligwira.
- PVC. Yolemererapo, yosalala, kawirikawiri yonyezimira. Malamba ambiri a mapatapata ndi a PVC. Kuti mutsimikize, wotchani waya wa kopa mpaka afiire, mugunditse pa kachidutswa, mubwezere waya pa moto. Lawi likasanduka lobiriwira, ndi PVC. Chitirani panja, kutali ndi thina, mankhwala osungunulira inki aja amene sachedwa kuyaka.
- Labala. Fungo lake ndi la tayala, ndi wolemera, amagwira pansi. Zopondera zina ndi labala wosakaniza ndi EVA.
- Kanvasi. Solani ulusi umodzi muwotche. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa. Polyester imasungunuka n'kusiya kampira kolimba.

Pali mayeso awiri amene ndiziwatchula pafupipafupi. Oyamba ndi dontho la madzi: dontheza madzi pamene mukufuna kudinda. Akaundana ngati mkanda, pamalopo pali mafuta kapena ndi poterera, inki sidzagwira. Akayala, pali chiyembekezo. Achiwiri ndi selotepi: pa chodinda chimene chauma, chekani ndi lezala mizere isanu ndi umodzi chotsika ndi isanu ndi umodzi chopingasa, yotalikirana mamilimita 2, mumate selotepi yoonekera mkati, muitsindire ndi chikhadabo, kenako muizule mwamphamvu kamodzi. Timabokosi ta inki tikatsala pa selotepi, musadinde oda yonse.

## Zodinda zikusupuka kapena kuchoka ndi chikhadabo

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo ndikhalitsapo.

1. Pamwamba pali mafuta osaoneka. Ku fakitale amathira mankhwala oterera m'zikombole kuti thovu lisamatirire, ndipo ena mwa iwo ndi a silikoni. Mafutawo amabwera nawo mpaka ku shedi kwanu. Onjezerani apo thukuta la m'manja mwanu ndi mafuta odzola a wothandizira. Yesani dontho la madzi. Likaundana, tsukani zopondera ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, mutsukuluze, muumitse pamthunzi, kenako mupukute ndi isopropyl alcohol kapena sipiliti yoyera ya ku famase. Pukutani kulowera mbali imodzi ndipo musinthe nsalu pafupipafupi, apo ayi mukungosuntha mafuta kuchoka ku chidendene kupita ku zala. Sipiliti yapepo imasiya mtundu pa zopondera zoyera. Parafini ndi petulo musayerekeze n'komwe. Ndaona anthu akupukutira parafini chifukwa ndiye ali pafupi, koma iye amasiya mafuta ake pomwe mukuti mukuchotsa. Mukapukuta, gwirani m'mphepete mokha ndipo mudinde tsiku lomwelo.

2. Inki si ya chinthu chimenecho. Plastisol ya matisheti imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 160 kuti ipse, pamene EVA imayamba kufewa ndi kupotoka isanafike n'komwe pa 100. Ndiye mumasankha pakati pa kuwotcha nsapato ndi kusiya inki yosapsa. Inki ya madzi ya pa nsalu nayo pa EVA imangouma pamwamba ngati phala pa mbale ya galasi. Penti wa mafuta wa m'hadiweya amaoneka bwino masiku awiri basi. Werengani pa chitini. Mukufuna inki imene yalembedwa kuti ndi ya EVA kapena ya labala, ndipo ya malamba ikhale ya PVC. Wogulitsa akangoti "imagwira paliponse", pemphani kochepa mukayese.

3. Simunapake primer, mankhwala opaka poyamba kuti inki ipeze pogwira. EVA ndi labala kawirikawiri zimafuna primer yake, yosiyana pa chilichonse. Pakani mopyapyala kwambiri, kamodzi, mudikire nthawi imene opanga alemba. Primer yokhuthala imapanga khungu lakelake limene limadzasupuka pamodzi ndi inki. Mukaona kuti chimene chasupuka chili ndi kachikopa koonekera kunsi kwake, ndiye kuti munachulutsa. Pa EVA yosalala ngati galasi, kukwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala, nambala 400 kapena kuposa, kumathandiza, bola mupukutenso fumbi lake.

4. Hardener yalakwika muyezo kapena inafa kale. Inki zambiri zolimba za pa nsapato zimabwera ziwiri, inki ndi hardener, mankhwala oilimbitsa. Muyezo umasiyana, zambiri zimazungulira pa magawo 10 a inki ndi gawo 1 la hardener, koma tsatirani chitini chanu, ndipo yezani pa sikelo ya magalamu, osati ndi supuni kapena ndi maso. Mukasakaniza, inkiyo imakhala ndi maola ochepa a moyo, ndipo kutentha kwa kuno kumawafupikitsa. Yotsala ya dzulo, ngakhale ioneke yamadzi mutathiramo thina, sigwiranso. Hardener imamwanso chinyezi cha mu mpweya, ndipo ife tili pa nyanja. Ikayamba kuoneka ngati mkaka, kukhuthala, kapena kuumbika pakamwa pa botolo, yatha. Gulani timabotolo ting'onoting'ono, mutseke mukangothira.

5. Munafulumira. Inki kuuma pamwamba si kupsa. Mphindi 15 mukhoza kuigwira osathimbirira, koma kulimba kwenikweni kwa inki ya hardener kumatenga masiku awiri kapena atatu, zina mpaka sabata. Mayeso a selotepi a ola loyamba amanama mbali zonse ziwiri, amatha kukuopsezani pachabe. Yesani patatha maola 24, muyesenso pa 72.

Apa ndinapsapo ndekha. Ndinalandira oda ya mapatapata a alendo a pa ukwati wa kugombe, mayina a akwati pa chopondera. Katundu anafika Lachinayi, ndinadinda Lachisanu usiku, Loweruka m'mawa anali m'makatoni. Pofika nthawi ya perekaniperekani, theka la mayina linali ku mapazi kwa anthu. Inki inali yabwino, yomweyo ndikugwiritsa mpaka lero. Kuyambira pamenepo oda ya mapatapata yofunika pasanathe masiku asanu ndimaikana, ngakhale mwini wake adandaule bwanji.

6. Thovu lenilenilo likutuluka thukuta. Nthawi zina mumatsuka, kupukuta, kupaka primer, koma m'mawa mwake mukupeza kafumbi koyera kapena kamafuta kabwereranso pamwamba. Amenewo ndi mankhwala a mkati mwa labala kapena thovu amene akukwera okha. Pukutani peyala imodzi, muisiye padzuwa ola limodzi, muone ngati kabwerera. Kakabwerera, vuto lili kwa amene anakugulitsani zopondera, ndipo palibe inki imene ingalithetse.

## Zodinda zikung'aluka

Onani kaye pamene ming'alu ili. Ikakhala pa mzere umodzi, kumbuyo kwa zala kumene phazi limapinda, werengani choyamba ndi chachiwiri. Ikakhala paliponse ngati dothi la padambo mu Okutobala, pitani pa chachitatu.

1. Inki yachuluka. Chodinda chokhuthala sichipinda. Sefa, nsalu ya pa sikirini yodutsitsa inki, imadziwika ndi nambala: nambala ikakwera, maso ake amachepa. Ya 43T imene timaikonda pa matisheti imathira inki yambiri pa thovu. Pa inki ya thina yesani 77T kapena 90T, ndipo ngati mtundu sukuphimba, dindani kawiri mopyapyala, kudikira choyamba chiume pamwamba.
2. Dizayini ili pamalo opinda. Chibokosi chachikulu cha mtundu umodzi pamene phazi limapinda chidzang'aluka basi. Mizere, timadontho ndi maluwa okhala ndi mipata zimapirira. Auzeni makasitomala zimenezi asanalipire.
3. Inki ndi youma mtima. Inki ya zikwangwani, ya pa chitsulo kapena ya pa galasi inapangidwira zinthu zosapinda. Hardener yopitirira muyezo nayo imaumitsa inki yabwino mpaka kuthetheka.
4. Pa kanvasi, plastisol sinapse mkati. Kokani nsaluyo pang'ono. Ikang'aluka osabwerera, moto unachepa kapena unafulumira. Kanvasi ndi yokhuthala kuposa tisheti, imafuna nthawi yotalikirapo.

Musanavomereze kuti ntchito yatheka, pindani chopondera maulendo 20 pamene phazi limapinda, kenako muchipatse mwana wa sukulu achivale sabata imodzi. Mchenga wa ku Senga Bay ndi mwana wa sitandade 4 amayesa bwino kuposa makina.

## Zikunanda, kapena zamatana m'katoni

Kawirikawiri ndi kulongedza msanga. Thina amene ali mkati mwa inki amafuna potulukira. Mukasanjikiza zopondera kapena kuziika m'majumbo tsiku lomwelo, kenako katoniyo n'kukwera pamwamba pa minibasi ya ku Lilongwe dzuwa lili paliwombo, mukafika zitamatana nkhope ndi nkhope. Yanikani pa thandala, chimodzichimodzi, pamthunzi podutsa mphepo. Polongedza, zodinda zisayang'anane, ndipo ikani pepala lopyapyala pakati.

Retarder, mankhwala ochedwetsa inki kuuma, yachuluka. Chifukwa cha kutentha, ambirife timathira yambiri kuti sikirini isaume, ndiye inki imakana kuuma pa nsapato. Musapitirire muyezo wa pa chitini. Ambiri amaika malire pakati pa magawo 5 ndi 10 pa 100 aliwonse.

Chinyezi cha dzinja. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, inki ya madzi pa kanvasi imatha kukhala yonyowa mkati tsiku lonse. Mukaisita isanaume, madzi amatsekeredwa. Yatsani fani pa thandala loyanikira, mudikire iume ndithu, kenako muisite pa madigiri 150 mpaka 160 kwa mphindi 2 kapena 3, mutaphimba ndi pepala lophikira makeke. Ayironi ya makala imatentha mosadziwika, pena imapsereza, pena siifika.

Pa PVC, mafuta ofewetsa alowa mu inki. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: lamba linauma bwinobwino, koma patatha sabata imodzi kapena ziwiri layamba kunanda ndi kukola fumbi. PVC yofewa ili ndi mafuta amene amaifewetsa, ndipo amasamukira mu inki imene siinapangidwire PVC. Kudikira sikuthandiza, kumangoipiraipira. Sinthani inki. Kuti mudziwiretu, ikani lamba lodinda m'jumbo, mulisiye pansi pa malata otentha masiku atatu, muone.

## Inki ikuuma m'sefa, zilembo zing'onozing'ono zikusowa

Mwadinda mapeyala asanu abwino, yachisanu ndi chimodzi mizere yopyapyala yayamba kuduka. Kuno vutoli limakula mu Okutobala ndi Novembala, pamene m'shedi ya malata masana mumakhala ngati mu uvuni, komanso miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, mphepo ikamalowa pa zenera.

- Simukuphimba sefa. Mukangodinda, kokani inki mopepuka kubwerera kuti dizayini yonse ikhale yophimbidwa pamene mukusintha chopondera. Ichi chokha chimathetsa theka la madandaulo.
- Mphepo ikuwomba pa sikirini. Fani iloze kwa inu ndi ku khomo, kuti itulutse fungo, osati pa inki.
- Nthawi yake si imeneyo. Ine miyezi yotentha ndimadinda kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 9. Masana ndi otsuka ndi kudula.
- Mukugwira nokha. Inki ya thina imafuna anthu awiri, wina woika ndi kuchotsa, wina wokoka. Kuyankha foni kwa mphindi imodzi kumatseka sefa.
- Thina ndi wothamanga. Thina wa m'hadiweya amauluka msanga ndipo nthawi zina amaumbitsa inki. Gwiritsani wa kampani yomwe inapanga inkiyo, wochedwa kuuma.
- Sefa yachepetsa maso. Inki yoyera, yasiliva ndi yagolide zili ndi timibulu tokulirapo, pa 120T zimatseka.

Sefa ikatseka, musaikande ndi chikhadabo. Pukutani kunsi kwake ndi nsalu ya thina pang'ono, mudinde pa nyuzipepala kawiri katatu, mupitirize.

## M'mphepete mwa dizayini mwachita mthunzi kapena mwayala

Apa thovu limasiyana kwambiri ndi thebulo la tisheti, chifukwa limabonyera pansi mukalitsindira. Mphamvu zimene munazolowera pa nsalu zimakankhira inki kunsi kwa sikirini. Pepukitsani dzanja, imikani sikwiji, labala wokokera inki uja, chotsamira pang'ono, pafupifupi madigiri 75, mukoke kamodzi. Kukoka kawiri pa thovu ndiko kumabweretsa mthunzi.

Mukapepukitsa dzanja koma zosasintha, onani izi motsatana:

1. Mpata wa pakati pa sefa ndi chopondera. Ukhale mamilimita 2 kapena 3, kuti sefa izidzuka yokha sikwiji ikangodutsa. Matani makatoni kapena makobidi pa ngodya za fulemu. Kumbukirani kuti zopondera za sayizi zosiyana nthawi zina zimasiyananso kukhuthala.
2. Inki yasungunuka kwambiri. Ikamachucha pa mpeni ngati madzi, mwachulutsa thina. Izitsika ngati uchi.
3. Sefa yalobodoka. Mafulemu athu a matabwa amafufuma m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe, ndipo sefa yokhomedwa ndi sitepula imataya mphamvu. Ikamanjenjemera mukaigunda ndi chala, ikokeninso.
4. Sikwiji yabuntha kapena yatupa ndi thina. Inoleni pa sandipepa womatidwa pa galasi.
5. Chopondera chili ndi timizere kapena timabowo ta pa chikombole. Pamenepo zilembo zing'onozing'ono sizingatuluke zoyera. Kulitsani zilembo, kapena gulani zosalala.

Ngati mumapanga nokha nsapato, dindani musanaike malamba, ndipo pa kanvasi dindani zidutswa zikadali zoyala, musanasoke. Kudinda pa nsapato yathunthu, yokhota kale, ndi kulimbana ndi sefa pachabe.

## Timadontho tosafunika, kapena dizayini ikudyeka pa sikirini

Yang'anani sikirini moloza kuwala. Mukaona tinyenyezi, timeneto ndi timabowo, ndipo tsekani ndi emulsion (mankhwala opaka pa sefa amene amalimba ndi kuwala) pang'ono kapena selotepi kunsi musanadinde. Gwero lake nthawi zambiri ndi fumbi, makamaka kwa amene mashedi awo ali m'mbali mwa msewu wa M5 nthawi ya chilimwe. Umitsani masikirini m'kabati yamdima yotseka, mutawagoneka, mbali ya kunsi ikuyang'ana pansi. Anzathu a kufupi ndi gombe ali ndi mdani wina, nkhungu. Tizilomboti tikatuluka m'nyanja timathamangira getsi, ndipo usiku umodzi wopaka emulsion pansi pa babu, zenera lili pululu, umakupatsani sikirini ya mawangamawanga. Masiku a nkhungu pakani m'mawa, zitseko zotseka. Zodinda zonyowa nazo musaziyanike pansi pa getsi.

Dizayini ikamadyeka mutangodinda mapeyala ochepa:

- Emulsion sinapse mokwanira. Potsuka, mkati mwa sikirini mukamaterera ngati therere, nthawi ya kuwala inachepa. Dzuwa la kuno masana limapsereza m'masekondi, koma la 8 koloko m'mawa kapena la mitambo ndi lina. Pangani mayeso pa sikirini imodzi, kuphimba ndi katoni ndi kuisuntha masekondi 10 aliwonse, mulembe nthawi yabwino pakhoma pamodzi ndi ola lake. Mukatsuka ndi kuumitsa, ibwezereni padzuwa mphindi zingapo kuti ilimbe.
- Inali isanaume mkati. M'dzinja imaoneka youma pamwamba koma ili ndi madzi, ndipo emulsion yonyowa siipsa.
- Si ya inki ya thina. Emulsion ina imapirira madzi okha, ina thina yekha, ina zonse ziwiri. Funsani pogula.
- Yakalamba. Ya diazo, ija yobwera ndi kabotolo ka mankhwala osakaniza nawo, mukasakaniza, imakhala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo pa kutentha kwathu imafa msanga. M'firiji imakhalitsa, bola isaundane, ndipo chitini chikhale chotseka bwino, kutali ndi chakudya. Lembani tsiku losakaniza pa chivundikiro.
- Sefa sinatsukidwe mafuta isanapakidwe, kapena madzi otsukira anali ndi matope.

## Mtundu wasintha

Yoyera yasanduka yofiirira kapena yabuluu pa kanvasi. Nsaluyo ndi polyester, ndipo utoto wake unadzuka ndi moto n'kulowa mu inki. Zimaoneka mawa lake kapena patatha masiku, katundu atapita kale. Nsalu zofiira, zamaruni ndi zabuluu wakuda ndizo zimavuta kwambiri. Tsitsani moto, gwiritsani inki yopsa pa madigiri otsika, pafupifupi 130 mpaka 140, ndipo yambani ndi inki yotchinga utoto pansi pa yoyera.

Yoyera yachita chikasu kapena khofi pa labala wakuda. Mankhwala a mu labala akukwera. Pa nkhwaila za matayala akale, inki yoyera ndi kutaya ndalama. Dindani pa lamba, kapena matani chikopa kapena nsalu pamwamba n'kudinda pamenepo.

Mtundu wafooka pa chopondera chakuda. Yachikasu ndi yofiira siziphimba zokha. Yambani ndi yoyera pansi.

Wafwifwa ndi dzuwa. Mitundu yowala kwambiri ija, pinki ndi girini zothobwa m'maso zimene alendo a kugombe amazikonda, ndiyo imafwifwa msanga kuposa ina yonse. Musaiyale pa benchi padzuwa tsiku ndi tsiku poitanira malonda. Ikani peyala imodzi yachitsanzo, zina zikhale m'katoni.

Oda yachiwiri yasiyana ndi yoyamba. Munasakaniza ndi maso. Yezani magalamu, mulembe m'kope, mumatemo kachidutswa kodinda.

## Chopondera chapotoka kapena chachepa

Ndi moto, palibenso china. Ayironi, heat gun yoyandikitsa, kuyanika pa malata masana, zonsezi zimakhwinyatitsa EVA, ndipo sayizi 8 imatha kutuluka ngati 7. Inki ya thina pa EVA imauma ndi mpweya, siifuna moto.

Amene mumagwiritsa heat press, makina otsindira ndi moto, pa mapatapata a sublimation (kulowetsa utoto wa pa pepala mu nsalu ndi moto), okhala ndi nsalu ya polyester pamwamba, moto wake ndi waukulu, pakati pa madigiri 180 ndi 200 kwa mphindi imodzi kapena kucheperapo, malinga ndi amene anawapanga. Chotsani malamba, musatsindire kwambiri, ndipo mukangotulutsa, gonekani pa thebulo losalala mutatsamiza thabwa mpaka zizizire. Nambala ya pa makina musaikhulupirire kotheratu, makamaka magetsi akamabwera ofooka kapena muli pa jenereta. Choyezera kutentha cholozera chija chimakuuzani ngati ngodya ina ya mbale ikuzizira. Sublimation imagwira pa polyester yoyera kapena yowala yokha. Pa thonje imasuluka ndi kuchapa koyamba, pa chakuda sioneka.

## Mitundu iwiri sikukumana

Khomani timatabwa titatu pa thebulo, tiwiri m'mbali, kamodzi ku chidendene, kuti chopondera chizikhala malo amodzi nthawi zonse, kumanja kwake, kumanzere kwake. Onani ngati mahinjesi a fulemu akugwedera. Dindani mitundu yonse tsiku limodzi, chifukwa thovu longodulidwa kumene limapitiriza kuchepa pang'ono. Ndipo pojambula, lolani mtundu wakuda ukwere pang'ono pamwamba pa wowala.

## Pamene muyenera kuima

Thupi likalankhula. Mutu, chizungulire, nseru, maso kuyabwa: tulukani panja nthawi yomweyo. Hardener zambiri zili ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amatha kuyambitsa mphumu yosatha. Mukayamba kubanika pachifuwa, kutsokomola usiku, kapena kupuma molira masiku amene mwadinda, siyani ndipo pitani kuchipatala mutatenga chithunzi cha zolemba za pa chitini. Musayesenso "kamodzi kokha" kuti mutsimikize. Masiki ya nsalu kapena ya kuchipatala siitchinga fungo la thina, mukufunika ya zosefera za makala, komanso magolovesi a nitrile. Ana, amayi oyembekezera ndi aliyense wa mphumu asakhale m'chipinda chodindira, ndipo chipinda chimenecho chisakhale chogona.

Mankhwala akalowa m'maso. Makamaka ochotsera zithunzithunzi zotsalira pa sefa, amene ali ndi soda wowotcha. Tsukani ndi madzi oyera mphindi 15 osalekeza, kenako kuchipatala, ngakhale ululu utachepa.

Moto. Magetsi akazima, musayatse kandulo kapena koloboyi m'shedi muli thina. Mbaula ikhale kutali. Nsanza za thina ziikeni m'chitini chachitsulo chotseka, panja. Khalani ndi ndowa ya mchenga kapena chozimira moto cha ufa, pakuti madzi amangomwaza thina woyaka. Mumva kuti ku fakitale amadutsitsa lawi la gasi pa pulasitiki kuti inki igwire. Ndi zoona, koma si ntchito ya m'shedi modzaza fungo la thina.

Makina. Heat press ikamagwira shoko, kununkha waya, kugwetsa bureka, kapena kutentha osaima pa nambala imene mwaika, zulani pulagi muitane wa zamagetsi wodziwa ntchito. Musalumikize waya modumpha fyuzi.

Oda yaikulu. Ya sukulu, ya loji, ya bungwe: ngati mwatsuka, mwapaka primer, mwayeza hardener, mwadikira maola 72, koma selotepi ikuzulabe inki pa zoyesera ziwiri zosiyana, musadinde ina. Tengani chopondera chosadinda, china chodinda, ndi chithunzi cha chitini, mupite nazo kwa ogulitsa inki ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pemphani pepala la malangizo a inkiyo, lolemba zinthu zimene imagwirapo, muyezo wa hardener ndi nthawi youma. Wogulitsa amene alibe pepala limeneli, funani wina. Kasitomala muuzeni tsiku lomwelo, nthawi yosintha mtundu wa zopondera ikadalipo.

Madzi otsukira masikirini ndi thina wakuda musathire m'ngalande yolowera kunyanja kapena pafupi ndi mjigo. Thina wakuda muikeni m'botolo lotseka masiku angapo, zinyalala zimakhala pansi, wapamwambayo mumatsukiranso sikwiji ndi mipeni.